Nkhanambo ya M'phulusa

Azana isanamveke ndimagwada pa mbaula
ndi chibenthu cha mbale,
kuwola phulusa ladzulo.
Phulusa ndi lomvera,
ukaliuzira limachoka.
Koma tsiku lija mbale inakhumudwa, gwe!
pa chinthu chokana kusuntha.

Ndinachitokosa ndi mpeni wodulira buledi.
Chotuwa pamwamba, chobiriwira m'mphepete,
maenjemaenje ngati chisa cha njuchi,
pena kunyezimira ngati botolo losweka.
Chopepuka ndithu,
koma chinandicheka chala.

Ine ndinasonkhezera nkhuni.
Nanga mwalawu anaikamo ndani?

Abiti Sumani a zitumbuwa
anaugwira ndi nsonga ya chitenje.
"Mwanangu, tiyirumu yako yayamba kudzaza.
Si onse okupatsa moni amene amagona tulo."
Nasonya ndi mlomo kutsidya kwa msewu.
Masiku atatu
sindinayankhe moni wa Dunia.

Che Twaibu, wootcha njerwa kwa Mponda,
amamwa wamkaka, masupuni anayi a shuga, pangongole.
Anautembenuza mwalawo, naununkhiza,
naseka mpaka kutsamwa.
"Nkhuni mumagula kwa ndani?"
Kwa anyamata a njinga, otsika phiri la ku Namwera.
"Zotola m'makhwawa mvula itakokolola,
makungwa ali mchenga wokhawokha. Mumasasa?"
Ayi.
"Zikanyowa mumayatsira chiyani?"
Jumbo.
"Kukupiza?"
Ndi chivundikiro cha ndowa, minibasi ikaima pa depoti,
anthu khumi nkufuna madzi owira nthawi imodzi.
"Nanga potseka?"
Ndimathira madzi otsukira makapu.

"Mfiti yanu ndi imeneyo, mayi.
Mchenga supsa. Dothi silipsa.
Moto ukalusa zimasungunuka pamodzi ndi phulusa,
kukazizira zagwirana, simungazilekanitse.
Mu uvuni wanga njerwa za pakamwa pa moto zimatero,
ndimagulitsa theka la mtengo."
Anapukuta ndevu,
nanyamuka osalipira.

Madzulo ndinatuma mwana ndi masikono awiri kwa Dunia.
Analandira. Sanafunse.

Mbaulayi anaumba ndi Lajabu,
sabata yomwe ankadikira pasipoti.
Chala chake chachikulu chidakalipo
pamene anatsindira dongo la m'mbali.
Chaka chachinayi chino ali ku Joni.
Poyamba foni inkalira Lachisanu lililonse akatuluka ku mzikiti,
kenako pa Idi pokha,
kenako chithunzi,
iye atatsamira galimoto ya eni ake, atanenepa masaya.

Akandifunsa, ndimati palibe kanthu.
Mawu a apongozi onena za mimba yanga yogona,
dzina la mkazi amene mnyamata wa matransipoti
analitchula mwangozi nkudziluma lilime,
lendi ya miyezi iwiri,
zonsezo ndinaponya pamoto osasasa,
nkukupiza, nkukupiza,
makasitomala akudikira.
Ndimati zinapsa kale.

Koma usiku, kutentha kwa Okotobala kukandikaniza tulo,
ndimamva kanthu pansi pa nthiti yakumanzere.
Sikalemera.
Kamangocheka ndikatembenuka.

Masiku ano nkhuni ndimayamba ndaziombetsa pansi,
mchenga nkumayoyoka ngati shuga wa Che Twaibu.
Jumbo ndinasiya, ndimayatsira zitsononkho.
Moto ndimausiya uzime wokha.
Komabe m'mawa wina
mbale imagunda timiyala, tating'ono ngati mtedza.
Ndimataya ku dzala.

Woyamba uja sindinataye.
Uli pakhomo, umatsekereza chitseko
mwera ukayamba misala yake.
Ana a sukulu amaufunsa kuti unagwa kumwamba kodi.
Ndimati unachokera m'nkhuni,
iwo nkuseka kuti ndikunama.

Ngongole ya Che Twaibu yafika makapu khumi ndi anayi.
Ndalemba m'kope,
koma sindinawakumbutse.